Masheya a ndege a Doric Nimrod: phindu lidafika pa nthawi yake, mpamba udabwerera woperewera

Pa msika wa masheya wa ku London pali kagulu ka makampani amene ntchito yawo ndi imodzi yokha: kugula ndege kapena sitima zapamadzi, kuzibwereketsa kwa makampani onyamula anthu ndi katundu, kenako n'kugawira eni masheya lendi imene yatoleredwa. Odziwika kwambiri m'kaguluka adali atatu a dzina limodzi, Doric Nimrod Air One, Doric Nimrod Air Two ndi Doric Nimrod Air Three. Onse adalembetsedwa pa chilumba cha Guernsey, onse adagula ndege za mtundu umodzi, Airbus A380, ndipo onse adazibwereketsa kwa kampani imodzi, Emirates ya ku Dubai. Amene mudakwerapo ndege yaikulu yosanja ija pochoka ku Johannesburg kapena ku London kupita ku Dubai mukuidziwa. Ndasankha kuunika makampani amenewa chifukwa ulendo wawo wafika kumapeto, kotero kuti tikhoza kuika zimene adalonjeza pambali pa zimene adapereka popanda kulosera chilichonse. Kwa ife a ntchito yowerengera chuma mwayi wotere ndi wosowa, pakuti malonda ambiri a mtundu umenewu timawaweruza akadali pakati pa njira.

Maganizo anga ndiwanene pachiyambi pomwe. Malonda amenewa adakonzedwa mwaluso pa nkhani ya ngongole ndi lendi, ndipo ndalama imene ankalonjeza miyezi itatu iliyonse idafika mosaphonya, ngakhale m'chaka cha mliri wa Covid-19. Pamene padali pofooka ndi pamapeto. Ogula ambiri ankaona phindu la 9 peresenti pachaka ngati chiwongoladzanja cha ku banki, chikhalirecho gawo lina la ndalama imeneyo lidali mpamba wawo womwe ukuwabwerera pang'onopang'ono, chifukwa ndege imakalamba tsiku ndi tsiku ndipo mtengo umene idzagulidwe pakatha zaka 12 za mgwirizano wobwereketsa palibe amene akadautsimikiza. Zikalata zoitanira anthu kugula masheyawa zidachenjeza za chiopsezo chimenechi, sizidabise, koma nambala imene idakhala m'mitu ya anthu idali 9 ija, makamaka poti kuyambira mu Malichi 2009 mpaka mu Ogasiti 2016 Bank of England idasunga chiwongoladzanja chake pa 0.5 peresenti basi.

Kampani yoyamba idalowa pa msika mu Disembala 2010 ili ndi ndege imodzi yokha. Sheya iliyonse inkagulidwa paundi imodzi, ndipo mwini wake ankalandira mapeni 2.25 miyezi itatu iliyonse, kutanthauza mapeni 9 pachaka. Yachiwiri idatsatira mu Julayi 2011, idafika pokhala ndi ndege 7, ndipo pa sheya ya mapaundi awiri inkapereka mapeni 18 pachaka. Yachitatu idabwera mu Julayi 2013 ndi ndege zinayi, nkumapereka mapeni 8.25 pachaka pa sheya ya paundi imodzi. Makampaniwa adalibe antchito awoawo. Padali bodi ya akuluakulu ochepa, ntchito yoyang'anira ndege idapatsidwa poyamba kwa makampani a Doric, yolumikizana ndi eni masheya kwa Nimrod Capital ya ku London, ndipo dzina lija lidachokera pa awiriwa.

Ndalama za eni masheya sizikadakwanira kugula ndege zotere, choncho gawo lalikulu la mtengo lidachokera ku ngongole za madola, zina za ku mabanki, zina za mabondi (zikalata za ngongole zogulitsidwa kwa oika ndalama m'malonda) amene chikole chake chidali ndegezo. Apa ndi pamene ndikuwayamikira amene adakonza malondawa. Emirates inkalipira lendi m'ndalama ziwiri. Gawo la madola lidawerengedwa kuti lifanane ndendende ndi zimene ngongole inkafuna, pa tsiku lake ndi pa kuchuluka kwake, ndipo gawo la mapaundi lidali lolipirira zoyendetsera kampani ndi phindu la eni masheya. Mwa njira imeneyi, kaya dola ikwere kaya itsike, ngongole inkabwezedwa ndi ndalama ya mtundu wake womwe. Kuonjezera apo, ngongoleyo idakonzedwa kuti ithe yonse mkati mwa zaka za mgwirizano, kuti pa tsiku lomaliza ndege ikhale ya eni masheya popanda wina woilozera chala. Makampani ambiri a zamtengatenga amagwa chifukwa chosiya chimtolo cha ngongole kuti adzachibweze pamapeto ndi ndalama zogulitsira katundu yemweyo, ndipo msampha umenewu a Doric Nimrod adaupewa.

Mgwirizano wake udaikanso pa mapewa a Emirates zolipira zonse za kayendetsedwe ka ndege: mafuta, oyendetsa, inshuwalansi, kukonzetsa mainjini ndi kuunika kwakukulu kumene ndege imachotsedwa pa ntchito kwa masabata angapo. Mwini sheya sankakhudzidwa kuti mipando yadzaza kapena ndege yauluka yopanda anthu. Pobweza ndege, Emirates inkayenera kuibweza ili mu mkhalidwe umene udalembedwa mu mgwirizano, apo ayi ilipire ndalama zophimba kuperewerako. Ndime imeneyi inkaoneka yaing'ono, koma pambuyo pake idakhala chida chachikulu chimene mabodi adali nacho pokambirana mtengo.

Mayeso enieni adafika mu 2020. Pa 25 Malichi chaka chimenecho Emirates idaimitsa maulendo ake onyamula anthu, ndipo ndege zambiri za A380 zidatha miyezi yambirimbiri zili chiimire pa mabwalo a ku Dubai. M'chaka chake cha zachuma chothera mu Malichi 2021 kampaniyo idaluza madola 5.5 biliyoni, ndipo boma la Dubai, lomwe ndi mwini wake, lidathiramo madola oposa 3 biliyoni. Ngakhale zidali choncho lendi idapitiriza kulipidwa, ndipo makampani atatu aja sadadumphe kugawa phindu. Kuti mumvetse kukula kwa mwayi umenewu, yang'anani anzawo amene adamangidwa pa pulani yofanana. Amedeo Air Four Plus, imene idalowa pa msika mu Meyi 2015, idali ndi ndege zinayi za Airbus A350 kwa Thai Airways, ndipo idaimitsa kugawa phindu mu 2020, chaka chimene kampani ya ku Thailand ija idapita ku khoti kukapempha chitetezo kwa amene idawakongola. DP Aircraft I idali ndi ndege zinayi za Boeing 787, ziwiri kwa Norwegian ndi ziwiri kwa Thai Airways. Onse awiri atagwa m'mavuto, ndege ziwiri za kwa Norwegian zidapita m'manja mwa okongoza ndipo masheya ake adatsala pang'ono kusanduka mapepala chabe. Ndege za 787 zidali zatsopano ndi zofunidwa kuposa A380, koma zimenezo sizidapulumutse eni masheya. Choncho pa zaka za mgwirizano, chimene munthu amagula kwenikweni ndi kukhulupirika kwa wolipira lendi. Chitsulocho chimayamba kulankhula mgwirizano ukatha.

Tsopano tifike pa nkhani imene yandichititsa kulemba, ya momwe ndege imalembedwera m'mabuku a chuma. Lamulo la IAS 16, limene amatsata ngakhale anzathu a ku Malawi popeza dziko lathu limagwiritsa ntchito malamulo a IFRS, amene maiko ambiri amatsata polemba mabuku a chuma, limati mutenge mtengo umene mudagulira katundu, muchotsepo mtengo umene mukuyembekeza kuti adzakhala nawo pomaliza kumugwiritsa ntchito, ndipo zotsalazo muzigawe pa zaka zonse monga ndalama yowonongeka chaka ndi chaka. Mwa manambala atatu amenewa, mtengo wogulira ndi wodziwika, zaka 12 zidalembedwa mu mgwirizano, koma mtengo wotsala ndi malingaliro a munthu. Tiyerekeze ndege yogulidwa madola 200 miliyoni. Mukanena kuti idzatsala ndi mtengo wa 110 miliyoni, mumachotsa 7.5 miliyoni pachaka. Mukanena kuti idzatsala ndi 35 miliyoni, mumachotsa 13.75 miliyoni pachaka. Ndege ndi yomweyo, lendi ndi yomweyo, koma mabuku oyambawo amaonetsa phindu lochuluka ndi madola 6.25 miliyoni chaka chilichonse, ndipo mtengo wa katundu pa sheya iliyonse umaoneka wonenepa mpaka tsiku limene wogula weniweni adzatchule mtengo wake.

Makampaniwa sankangotola nambala m'mutu. Chaka chilichonse ankafunsa akatswiri atatu oima paokha, odziwa kuyerekeza mitengo ya ndege, n'kutenga pakati pa mayankho awo. Njira imeneyi ndi yovomerezeka ndipo oyendera mabuku ankaisainira. Vuto lidali lakuti akatswiriwo ankayerekeza mtengo wa chinthu chimene chidali chisadagulitsidwepo chakale. A380 idayamba kunyamula anthu mu Okutobala 2007, pa ulendo wa Singapore Airlines wochoka ku Singapore kupita ku Sydney, kutanthauza kuti pamene kampani yoyamba ija inkalowa pa msika mu 2010 padalibe A380 ya zaka 12 padziko lonse. Mitengo yoyerekeza idatsamira pa mbiri ya ndege zina zikuluzikulu ndi pa chiyembekezo chakuti makampani ambiri adzaifuna. Chiyembekezocho sichidakwaniritsidwe. Makampani 14 okha ndi amene adalandira A380 yatsopano, ndipo pa ndege 251 zimene Airbus idapereka, 123 zidapita kwa Emirates. Mu Febuluwale 2019 Airbus idalengeza kuti isiya kupanga ndegeyi, ndipo yomaliza idaperekedwa mu Disembala 2021. Air France idaleka kugwiritsa ntchito zake mu 2020. Ndege ya mainjini anayi imamwa mafuta ochuluka, imafuna bwalo lokonzedwa mwapadera, ndipo kusintha mipando ndi zipinda zake kuti zigwirizane ndi kampani ina kumadya madola mamiliyoni ambiri. Ngakhale mainjini ake, GP7200 ya Engine Alliance ndi Trent 900 ya Rolls-Royce, sakwana pa ndege ina iliyonse, pamene injini ya Boeing 737 kapena Airbus A320 ili ndi ogula m'makontinenti onse.

Chenjezo lidaoneka kale ku Germany, kumene kampani ya Dr. Peters idasonkhanitsa ndalama za anthu n'kugula ndege zoyambirira za A380 zobwereketsa kwa Singapore Airlines. Mgwirizano wa zaka 10 utatha mu 2017, Singapore Airlines idazibweza, wobwereka wina sadapezeke, ndipo mu 2018 padagwa chigamulo chakuti ziwiri mwa izo ziphwasulidwe ku Tarbes m'dziko la France kuti zigulitsidwe ngati zipangizo. Kampani ya ku Portugal ya Hi Fly idayesa kuyendetsa A380 yakale kuyambira mu 2018, koma pofika kumapeto kwa 2020 idaisiya. Mabodi a Doric Nimrod adatsitsa mtengo wotsala m'mabuku awo m'zaka zimenezi, monga momwe malamulo amafunira, ndipo eni masheya adaona chuma cha pa pepala chikusungunuka pamene lendi ikubwerabe bwinobwino.

Pamapeto pake wogula adali mmodzi, yemwe uja ankalipira lendi. Mu 2022 Emirates idagula ndege ya kampani yoyamba pa mapaundi 25.3 miliyoni. Mukagawa ndalama imeneyi pa masheya 42.45 miliyoni a kampaniyo, mupeza mapeni pafupifupi 60 pa sheya imene idagulidwa mapeni 100. Powerengera ndekha, munthu amene adagula pa tsiku loyamba n'kudikira mpaka kumapeto adalandira mapeni pafupifupi 108 a phindu ndi 60 a mpamba, zimene zikufanana ndi pafupifupi 7 peresenti pachaka. Sindikunena kuti ameneyu adaluza. Pa zaka zimene mabanki a ku Britain ankapereka pafupifupi chabe, 7 peresenti idali ndalama yabwino. Koma si 9 pamodzi ndi mpamba wathunthu, ndipo idapezeka pa chiopsezo chachikulu chodalira ndege imodzi ndi wolipira mmodzi. Ndege za kampani yachiwiri zidagulidwa pa mitengo yokwererapo, ziwiri pa madola 35 miliyoni iliyonse mu 2023, ndipo zisanu zotsalazo pa madola 40 miliyoni iliyonse pa mgwirizano wa mu 2024. Chimene chidakweza mtengo si luso la oyang'anira ayi. Anthu adayambiranso kuyenda mwaunyinji mliri utatha, Boeing idachedwa zaka zingapo kupereka ndege yake yatsopano ya 777X imene Emirates idaitanitsa yambiri, ndipo Emirates idaona kuti iyenera kusunga ma A380 ake kwa nthawi yaitali, mpaka kuyamba kukonzanso mkati mwake mu Novembala 2022. Mliri ukadatalika chaka china, nkhani ikadakhala ina.

Tiyeneranso kukumbukira kuti si onse adagula pa tsiku loyamba. M'zaka zoyambirira masheyawa ankagulidwa pa msika pamwamba pa mtengo woyambira, chifukwa anthu ankalimbirana phindu lija, ndipo amene adalowa nthawi imeneyo ndi amene adamva kuwawa kwenikweni. Mu 2020 masheya adatsika kupitirira theka la mtengo woyambira, ndipo amene adalimba mtima n'kugula pamenepo adapeza phindu lalikulu zedi, popeza lendi yotsala yokha inkakwanira kubweza gawo lalikulu la zimene adalipira. Malonda amodzi omwewo adatulutsa anthu atatu a nkhope zosiyana, malinga ndi mtengo umene aliyense adalowera.

Malipoti a pachaka a makampaniwa ndimawapatsa ulemu pa kusabisa, koma kuwawerenga kudali kotopetsa kwa munthu wamba. Mabuku ankalembedwa m'mapaundi, pamene ngongole idali ya madola. Lamulo la IAS 21 limafuna kuti ngongole isinthidwe pa mtengo wa dola wa tsiku lotseka mabuku, koma ndege ikhale pa mtengo wa dola wa tsiku limene idagulidwa. Paundi itagwa pambuyo pa voti ya mu Juni 2016 yochoka mu European Union, ngongole idatupa m'mabuku ndipo padaoneka chiluzo chachikulu, ngakhale kuti palibe peni imodzi imene idatuluka, poti madola obwezera ngongoleyo adali atalonjezedwa kale mu lendi. Chaka china paundi ikakwera, pankaoneka phindu lalikulu lopandanso ndalama kumbuyo kwake. Akuluakulu a mabodi ankafotokoza okha m'malipotimo kuti manambala amenewa sakuonetsa bwino momwe kampani ilili, ndipo ankanena zoona. Chodandaulitsa n'chakuti phokoso la kusintha kwa ndalamali linkakopa maso, pamene ndime yaing'ono ya mtengo wotsala, imene idali ndi tsogolo lonse la mpamba, inkakhala m'kati mwa masamba a kumapeto. Amene akufuna kuwerenga lipoti la kampani yotere ayambe ndi tsamba la ndalama zolowa ndi zotuluka, kenako apite ku ndime yofotokoza kuti phindu lingasinthe bwanji mtengo wotsala utatsika.

Abale ambiri okhala ku Britain ndi ku South Africa amatumiza ndalama kumudzi kukagula minibasi kapena thiraki, ndipo masamu ake ndi omwewa. Dalaivala akabweretsa ndalama madzulo, mwini galimoto amachotsa za mafuta ndi za kondakitala, zotsalazo n'kuziyesa phindu, osaika pambali ndalama ya kutha kwa galimotoyo. Pakatha zaka zisanu injini yatha, bodi yawola, ndipo ndalama yogulira ina palibe, chifukwa minibasi idadyedwa pang'onopang'ono pamodzi ndi ndiwo za tsiku lililonse. Komanso mwini minibasi alibe chitetezo chimene a Doric Nimrod adali nacho pa kusintha kwa ndalama: iye amalandira makwacha, pamene matayala, masipeya ndi galimoto yolowa m'malo zimatsata dola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale amene ankasunga ndalama ya kutha kwa galimoto powerengera mtengo wakale adapeza kuti yaperewera kutali.

Masheya a makampani a sitima zapamadzi amagulitsidwa pa msika womwewo wa ku London, ndipo n'koyenera kuyerekeza sitimazo ndi ndege popeza kawirikawiri zimaikidwa m'gulu limodzi. Tufton Oceanic Assets idalowa pa msika mu Disembala 2017 kuti izigula sitima zakale za mitundu yosiyanasiyana, zamafuta, zonyamula mbewu ndi miyala, ndi zamakontena, n'kuzibwereketsa kwa makampani angapo. Taylor Maritime Investments idalowa mu Meyi 2021 ndi sitima zocheperapo zonyamula katundu wosapakira, ndipo kumapeto kwa 2022 idagula gawo lalikulu la Grindrod Shipping, kampani imene mizu yake ili ku Durban. Pa nthawi imene ankalowa pa msika, makampani awiriwa adasankha kalembedwe kena ka mabuku, kololedwa ndi IFRS 10 kwa makampani oika ndalama m'malonda: m'malo mochotsera mtengo chaka ndi chaka, sitima zimayerekezedwa pa mtengo wa pa msika miyezi itatu iliyonse. Kalembedwe kameneka n'kotheka chifukwa sitima zakale zimagulidwa ndi kugulitsidwa sabata iliyonse, kotero kuti woyerekeza ali ndi malonda enieni oti atsamirepo. Ine ndimakhulupirira nambala yotere kuposa ya akatswiri atatu aja, ngakhale kuti imakwera ndi kutsika mochititsa mantha.

Sitima ilinso ndi pofikira pamene mtengo wake sungatsike kupitirira. Ikakalamba imagulitsidwa potengera kulemera kwa chitsulo chake kwa ophwasula a ku Alang m'dziko la India, ku Chattogram ku Bangladesh, ku Gadani ku Pakistan kapena ku Aliağa ku Turkey, ndipo mtengo wa tani iliyonse umalengezedwa poyera. N'chifukwa chake makampani ambiri a sitima amawerengera mtengo wotsala pochulukitsa matani a chitsulo ndi mtengo umenewo, n'kugawa zotsalazo pa zaka pafupifupi 25. Zolipira za kuunika kwakukulu kwa zaka zisanu zilizonse, pamene sitima imatulutsidwa m'madzi, zimalembedwa padera n'kugawidwa mpaka kuunika kotsatira. Zaka za m'mabuku sizifanana nthawi zonse ndi zaka za ntchito. Sitima ya Ilala, imene idapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949 n'kuyamba ntchito pa nyanja ya Malawi mu 1951, yatumikira zaka zoposa 70, kuwirikiza pafupifupi katatu moyo umene wowerengera chuma akadailembera. Komabe sitima zili ndi vuto lawolawo, ndilo kusakhazikika kwa lendi. Baltic Dry Index, muyeso wa mitengo yonyamulira katundu wosapakira, idafika pa 11,793 mu Meyi 2008, ndipo pofika mu Disembala chaka chomwecho idali pa 663. Mu Febuluwale 2016 idatsika mpaka 290. Migwirizano ya sitima imakhala ya miyezi kapena zaka zochepa, choncho mwini sheya sapeza mtendere wa zaka 12 umene Emirates inkapereka. Pa ndege za Doric Nimrod lendi idali yodziwika, mapeto osadziwika. Pa sitima mapeto ali ndi pofikira, lendi ndiyo yosadziwika, ndipo munthu ayenera kusankha mantha amene angathe kugona nawo.

Kagulidwe kake nako sikadali kophweka. Masheyawa adali pa gawo la msika wa London lotchedwa Specialist Fund Segment, limene cholinga chake ndi makampani akuluakulu ndi anthu odziwa bwino zoika ndalama m'malonda, ndipo makampani ena ogulitsira masheya pa intaneti amafuna kuti muyambe mwatsimikiza kuti mukumvetsa zimene mukugula. Ogula ndi ogulitsa ankakhala ochepa pa tsiku, kotero kuti kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira kunkadya gawo looneka la phindu, makamaka pa kampani yoyamba imene idali yaing'ono. Chitetezo chimene dziko la Britain limapereka pa ndalama zosungidwa ku banki sichikhudza kutsika kwa mtengo wa masheya. Kwa okhala ku Malawi palinso mpanda wa malamulo a ndalama zakunja, pakuti kutulutsa ndalama kukaika m'malonda a kunja kumafuna chilolezo chodzera ku Reserve Bank of Malawi, ndipo madola ndi osowa ngakhale kwa oitanitsa mafuta ndi mankhwala. Choncho malonda a mtundu umenewu ndi a amene amalandira kale mapaundi kapena madola, amene angaikemo kagawo kochepa ka chuma chawo, ndiponso amene ali okonzeka kusunga gawo la phindu lililonse ngati mpamba wobwerera m'malo molidya lonse.

Chinthu chimodzi chimene mabodi adachita bwino pamapeto n'chakuti sadatenge ndalama zogulitsira ndege n'kukagulira zina kuti ntchito yawo ndi malipiro a oyang'anira zipitirire. Makampaniwa adakhazikitsidwa ndi malire a moyo wawo, ndipo malirewo adalemekezedwa. Ndege ya kampani yoyamba itagulidwa, ndalama zidabwezedwa kwa eni masheya ndipo kampaniyo idathetsedwa mu 2023, aliyense n'kutsala ndi ufulu wosankha yekha kumene angaike ndalama zake.